A pampando agulitsa soya wa kopaletivi osaitanitsa msonkhano: mphamvu zawo zilekezere pati?

Nachisale wa ku Mchinji

Moni nonse. Ndabwera ndi nkhani imene yatigawa pakati ku kopaletivi yathu, ndipo ndikupempha nzeru kwa inu amene mudakhalapo m'makomiti, kaya a SACCO, a mpingo, a sukulu kapena a kuntchito.

Ine ndine mlembi wa kopaletivi ya alimi a soya ndi mtedza kuno ku Mchinji, cha kunjira ya ku Mkanda. Dzina lake sinditchula poti nkhani idakali yaiwisi. Tilipo mamembala opitirira 200 ochokera m'makalabu 11, ndipo ambiri ndife amayi. Tikakolola timasonkhanitsa mbewu m'nyumba yathu yosungiramo katundu, aliyense amalandira lisiti la matumba ake, kenako timagulitsa pamodzi kuti tipeze mtengo woposa wa mavenda amene amapachika masikelo awo pa Kamwendo ndi m'misika ina.

Malamulo athu amati mbewu ya gulu isagulitsidwe popanda chilolezo cha msonkhano wa mamembala onse, ndipo anthu adziwitsidwe za msonkhanowo kutatsala masiku 14. Chaka chatha tidatsata zimenezi ndendende. Wogula adabwera mu June ndi mtengo wabwino, ife tidati dikirani tiitane eni mbewu. Pofika tsiku la msonkhano iye anali atadzaza kale magalimoto ake kwina. Soya adakhala m'nyumba mpaka August, tikulipira mlonda, matumba akupepuka chifukwa chouma, mapeto ake tidagulitsa motchipa. Pa msonkhano wa pachaka anthu adakalipira a pampando kuti ndi ozizira, ati mtsogoleri wanji wosatha kugamula kanthu.

Chaka chino kudabwera wogula wina wa ku Lilongwe tsiku Lachitatu. Mtengo wake unali woposa umene boma lidalengeza kuti ndiwo woyambira, koma adati yankho alimve pofika Lachisanu. A pampando, a msungichuma ndi manijala adakambirana pa foni usiku womwewo n'kugulitsa soya woposa theka. Ine ndidamva Loweruka pamene amandiuza kuti ndilembe maminitsi a zimene adagwirizana. Ndalama zonse zidalowa ku akaunti ya kopaletivi, palibe tambala imene idasowa, ndipo izi ndikunena motsimikiza chifukwa sitetimenti ya kubanki ndidaiona ndi maso anga. Koma patangopita milungu iwiri mtengo udakwera. Tsopano anthu omwe aja ankati a pampando ndi ozizira akuti ndi akuba, adadya za wogula. Makalabu awiri akufuna kutulutsa matumba awo otsala kuti akagulitse okha. Mayi wina wachikulire adandiimitsa pachigayo n'kundifunsa kuti, "Mwanangu, soya ndalima ine, ndasenza ine, nanga mtengo wake wavomereza ndani?"

A pampando athu ndi munthu wokhulupirika, ndawadziwa kuyambira tili atsikana ife iwo akuphunzitsa Sande sukulu. Komabe sindingavomereze kuti anthu atatu azigulitsa thukuta la anthu 200 pa foni usiku. Ndipo sindikufunanso kubwerera ku zija za chaka chatha zoti wogula azipita ife tikuyendetsa makalata a msonkhano panjinga.

Bodi yandituma kuti ndilembe zosintha m'malamulo athu zoti tikazipereke ku msonkhano wa pachaka. Ndiye ndifunse: m'mabungwe mwanumo mumagawa bwanji? Ndi nkhani ziti zimene zimayenera kufika kwa mamembala onse, ndi ziti zimene bodi kapena manijala angagamule okha? Nanga nkhani yachangu ikabwera ngati iyi mumatani?

Mbewe wa ku Area 25

Zikomo mayi Nachisale pobweretsa nkhaniyi poyera. Ine ndidatumikirako mu komiti yoyang'anira ya SACCO ya kuntchito kwathu ndisanapume, ndiye ndilankhula zimene ndidaona kumeneko.

Poyamba, musalole kuti mkanganowu ukhale woti a pampando adalakwa kapena sadalakwe. Malinga ndi malamulo anu monga mwawafotokozera, adalakwa, ndipo ayenera kuvomereza zimenezo pamaso pa anthu ngakhale mtengo ukadapanda kukwera. Koma amene adawakankhira pamenepo ndi malamulowo. Lamulo loti thumba lililonse lidikire masiku 14 silingagwire ntchito pa msika wa soya, pamene wogula amayenda ndi galimoto ndi ndalama m'manja. Lamulo losatheka kulitsata limaphunzitsa atsogoleri kuswa malamulo, ndipo akazolowera kuswa ili, mawa adzaswa lokhudza ndalama.

Mfundo yoti membala aliyense ali ndi voti imodzi, kaya ali ndi masheya ambiri kapena ochepa, njakale. Idachokera kwa anthu 28, ambiri a iwo oomba nsalu, amene adatsegula sitolo yawo ku Rochdale ku England mu 1844, ndipo bungwe la makopaletivi la padziko lonse lapansi lidaibwerezanso mu 1995 ku Manchester pamene lidalemba mfundo zisanu ndi ziwiri za makopaletivi. Koma mfundoyi sikutanthauza kuti mamembala onse azikhala pansi pa nkhani iliyonse. Ku SACCO kwathu mamembala sankaitanidwa kudzavomereza ngongole ya munthu aliyense. Iwo pa msonkhano wa pachaka ankasankha bodi, kuvomereza bajeti, kulandira lipoti la owerengera ndalama, ndi kugwirizana za phindu logawana. Bodi inkakhazikitsa ndondomeko ya ngongole. Komiti ya ngongole ndi manijala ankapereka ngongole motsata ndondomekoyo tsiku ndi tsiku. Ife a komiti yoyang'anira tinkasankhidwa ndi mamembala mwachindunji, sitinali pansi pa bodi, ndipo ntchito yathu inali kutsegula mabuku n'kuona ngati zimene zachitika zikugwirizana ndi zimene anthu adavomereza. Lipoti lathu tinkalipereka kwa mamembala, osati kwa a pampando.

Ndiye kwa inu ndinganene kuti mamembala agamule nkhani ya malonda nthawi isanakwane. Itanani msonkhano mu March kapena kumayambiriro kwa April, soya asanalowe m'nyumba. Pamenepo muwerengere limodzi ndalama zimene zalowa pa kilogalamu imodzi: mbewu, inokulanti, aganyu, matumba, mayendedwe, mlonda. Kenako mugwirizane mtengo wotsikitsitsa umene simungagulitse pansi pake, gawo la mbewu limene lingagulitsidwe msanga, ndi gawo limene lisungidwe mpaka mwezi wakuti. Mukatero musankhe komiti yaing'ono ya malonda, ndipo muipatse mphamvu yolembedwa yoti igulitse mkati mwa malire amenewo popanda kubwereranso kwa inu. Wogula akabwera Lachitatu ndi mtengo woposa umene mudagwirizana, komiti igulitsa gawo limene mudaloleza, basi. Mtengo ukadzakwera pambuyo pake, palibe woloza mnzake chala chifukwa malire adaika ndi eni ake.

Mu komiti imeneyo a msungichuma asakhalemo. Wogulitsa asakhale yemweyo wolandira ndi kusunga ndalama. Ndipo inu a mlembi musamalembe maminitsi a msonkhano umene simudakhalepo. Lembani kuti "lipoti la a pampando la zimene zidachitika pa tsiku lakuti", iwo asayine. Maminitsi ndi umboni, tsiku lina nkhani ikadzafika kukhoti adzafunsa inu.

Chomaliza, makopaletivi a alimi amalembetsedwa pansi pa lamulo la makopaletivi la 1998, ndipo ali ndi mkulu wowalembetsa ku unduna woona za malonda. Ife a SACCO tidasamukira pansi pa lamulo la 2011 ndipo amatiyang'anira ndi a Reserve Bank, koma inu mudakali kumeneko. Mukasintha malamulo anu, tumizani zosinthazo ku ofesi imeneyo kuti zilembetsedwe. Kambiranani ndi ofisala woona za malonda pa khonsolo ya Mchinji musanapite ku msonkhano, akuuzeni chiwerengero cha mavoti chofunika posintha malamulo.

Nangozo wa ku Dedza

A Mbewe afotokoza bwino za pepala. Ine ndilankhule za pansi pa mtengo, poti ntchito yanga ndi kuphunzitsa magulu a banki m'khonde, ndipo misonkhano ya kumudzi ndiyo ndimakhalira.

Asisi Nachisale, msonkhano wa mu March uja a Mbewe akunena ukhoza kuchitika, anthu 200 n'kubwera, koma ogamula n'kukhalabe atatu omwewo. Mukudziwa mmene zimakhalira. A pampando amaimirira, kufotokoza nkhani, kunena maganizo awo, kenako n'kufunsa kuti "Tagwirizana?" Anthu onse "Eee!" Abambo awiri atatu okhala pa mabenchi kutsogolo amathirirapo ndemanga, amayi ali pamphasa kumbuyo kuyamwitsa ana, kuombera m'manja. Msonkhano weniweni umayamba panjira pobwerera, ndipo umakathera pa mjigo mawa lake. Munthu amene adati "eee" chifukwa choopa kutsutsa mkulu wa mpingo kapena mlamu wa a mfumu samadzimva kuti adavomereza kanthu. Mtengo ukakwera adzanenabe kuti adagulitsa ndi iwo aja.

Njira ya banki m'khonde idayamba ku Niger mu 1991 ndi bungwe la CARE, pakati pa amayi amene ambiri sankadziwa kulemba ndi kuwerenga, choncho zonse zidakonzedwa moti munthu aone ndi maso, amve ndi makutu. Bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo wosunga bokosi alibe kiyi. Ndalama zimawerengedwa mokweza pamaso pa onse. Gulu silipitirira anthu 25 kapena 30, chifukwa likakula kuposa apo ena amasiya kulankhula. Apa ndi pamene ndikufuna muganizirepo. Muli ndi makalabu 11. Nkhani ya mtengo wotsikitsitsa iyambire m'makalabumo, pamene anthu ndi ochepa ndipo amadziwana. Kalabu iliyonse ibwere ku msonkhano waukulu ndi mtengo wake wolemba papepala ndi chifukwa chake. A pampando amve mapepala onse 11 asanatsegule pakamwa.

Izi si zachilendo kwa ife. Pa bwalo la milandu kumudzi, mfumu yodziwa ntchito yake siyamba ndiyo kulankhula. Amayamba ndi eni nkhani, mboni, ankhoswe, nduna, ndipo mfumu imamanga mfundo kumapeto itamva onse. Ikayamba ndiyo, ndani angaitsutse? M'makomiti mwathu tidatengera mpando ndi tebulo koma mwambo wolankhula pomaliza tidausiya.

Pa kuvota, siyani zokweza manja pa nkhani za ndalama ndi za maudindo. Ife timaika zitini kuseri kwa chitenje, aliyense amapatsidwa kamwala kamodzi kapena njere ya nyemba, amapita yekha kukaponya m'chitini chimene akufuna. Zimatenga nthawi pang'ono, koma mudzadabwa kuona kuti nkhani imene anthu onse adaivomera ndi pakamwa yagawa miyala pafupifupi pakati.

Chinanso chimene anthu sakonda kuchitchula: m'gulu la anthu 200 si onse angathe kudikira. Mayi wamasiye amene ali ndi matumba anayi ndipo mwana wake wabwezedwa ku sekondale chifukwa cha fizi ya temu yachitatu akufuna ndalama mu May. Bambo wa matumba 60 amene ali ndi fodya kumbali akhoza kudikira mpaka October. Mukawafunsa funso limodzi loti "tigulitse kapena tisunge", wina aluza basi. Bwanji polandira matumba aliyense azinena yekha kuti awa alowe m'gulu logulitsa msanga, awa m'gulu losunga, n'kulemba pa lisiti pomwepo? Mayi wa pachigayo uja adzakhala atadziyankhira yekha funso lake.

Jere wa ku Kasungu

Ine ndikhala mbali ya a pampando, ngakhale ndikhale ndekha. Ndidakhalapo wapampando wa kalabu ya fodya, ndikudziwa kuwawa kwake. Ukachedwa akutukwana, ukafulumira akutukwana, ndipo ntchito yake njaulere. Bambowo adagulitsa pa mtengo woposa wa boma, ndalama zonse zilipo. Mtengo ukadatsika bwenzi anthu omwewo akuwanyamula m'mwamba. Chiganizo tiziweruza potengera zimene munthu ankadziwa tsiku limene amagamula. Zimene zidachitika patapita milungu iwiri sakadazilota.

Ndipo tisanamizane, amene akufuula kwambiri nthawi zambiri ndi omwe adagulitsa kale theka la soya wawo kwa mavenda usiku, ku kopaletivi n'kubweretsa zotsala. Onani m'buku mwanu a mlembi, muone amene akutsogolera phokosolo adabweretsa matumba angati poyerekeza ndi munda wawo.

Zimene ndikuopa n'zakuti muchulukitsa makomiti. Komiti ya malonda, komiti yoyang'anira, misonkhano ya makalabu, msonkhano wa mu March. Uliwonse ufuna thiransipoti ndi chakudya cha masana, ena ayamba kufunsa alawansi. Phindu lonse limene mumapeza pogulitsa pamodzi lithera m'mafanta. Sankhani munthu amene mumamukhulupirira, mumusiye agwire ntchito, akalephera mudzamuchotse pa chisankho.

Kamanga, Johannesburg

Moni a kumudzi. Ine ndimagwira ntchito yokonza makina mu fakitale ina kuno ku Joni, za soya ndimangodziwa za kumunda kwa mayi anga ku Dowa. Koma pali mbali ina imene sinatchulidwe.

A Jere akunena zoona kuti munthu tizimuweruza potengera zimene ankadziwa tsikulo. Funso langa nlakuti: panali zimene akadatha kudziwa tsikulo akadafunsa? Nthawi zambiri m'bungwe mumakhala munthu wapansi amene ali ndi nkhani yofunika, koma njira yoti mawu ake afike kwa ogamula palibe.

Kuntchito kuno pa maphunziro a zachitetezo amakonda kutikumbutsa za chombo cha Challenger cha bungwe la NASA ku America. Chidaphulika pa 28 January 1986 patangopita masekondi 73 chinyamukire, ndipo anthu onse asanu ndi awiri adafa, mmodzi mwa iwo mphunzitsi Christa McAuliffe. Chidalephera ndi mphira wotsekera polumikizira zigawo za roketi, amene amauma kukazizira. Mainjiniya a kampani ya Morton Thiokol imene idapanga roketizo ankadziwa za vutoli. Mmodzi wa iwo, Roger Boisjoly, adalemba kalata yochenjeza mabwana ake mu July 1985. Usiku woti mawa chombo chinyamuka padali msonkhano wa pa foni, ndipo mainjiniyawo adati chisanyamuke kukazizira kuposa madigiri 53 a Fahrenheit, omwe ndi pafupifupi 12 a Celsius, chifukwa sichidaulukepo kukuzizira kuposa apo. Akuluakulu a NASA amene anali pa foniyo sadakondwe nazo. Mabwana a Thiokol adapempha kuti akambirane kaye paokha, ndipo pogamula adagamula mamanijala okhaokha, mainjiniya atangokhala. Adasintha n'kuvomereza. M'mawa mwake chombo chidanyamuka kukuzizira pafupifupi madigiri 2 a Celsius. Komiti ya Rogers imene idafufuza ngoziyi idapeza kuti akuluakulu a pamwamba penipeni amene adapereka chilolezo chomaliza sadauzidwe n'komwe kuti mainjiniya adakana.

Soya si chombo, palibe amene wafa. Koma onani kufanana kwa kayendedwe kake: nthawi yochepa, wina akukakamiza kuti yankho lituluke lero, anthu ochepa pa foni usiku, ndipo wodziwa zinthu alibe voti. Ndiye ndikufunseni mayi Nachisale, ndani ku kopaletivi kwanu amene amalandira mafoni a ogula tsiku ndi tsiku? Adafunsidwa?

M'malamulo anu ndingaikemo zinthu ziwiri. Komiti isagulitse isanamve mitengo ya ogula osachepera atatu, ndipo mitengoyo ilembedwe ndi mayina awo ndi tsiku. Kuimba mafoni atatu sikutenga masiku 14, ndi ntchito ya m'mawa umodzi. Mukhozanso kufunsa mitengo ku ACE, bungwe loyendetsa msika wa mbewu ku Lilongwe, kuti mudziwe mmene msika ulili. Chachiwiri, membala wa komiti amene wakana, kukana kwake ndi chifukwa chake zilembedwe ndipo ziwerengedwe kwa mamembala. Munthu akadziwa kuti mawu a wotsutsa adzamveka kwa onse, amayamba wawaganizira bwino asanawakankhire kumbali.

Pa nkhawa ya a Jere ya kuchuluka kwa misonkhano, muyeso wake ndi wosavuta. Nkhani imene mukalakwitsa mungathe kuibweza, monga kusintha mlonda kapena kogula matumba, musiyireni manijala, asavutitse anthu. Imene ikachitika yachitika, monga kugulitsa mbewu, kutenga ngongole kubanki kapena kugulitsa malo, imeneyo ndiyo iyende pang'onopang'ono ndi maso ambiri. Madzi akatayika saoleka.

Nachisale wa ku Mchinji

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga mobwereza ndipo zina ndakopera m'kope langa.

A Kamanga, funso lanu landipweteka chifukwa yankho lake lilipo. Tili ndi kalaliki, mnyamata amene amayeza matumba ndi kulemba malisiti, ndipo nambala yake ndi imene ili pa chikwangwani cha kumsewu. Dzulo ndidapita kukamufunsa. Akuti sabata yomweyo adaimbiridwa ndi ogula ena awiri kufunsa kuti tili ndi matani angati, ndipo mmodzi adati abweranso sabata yotsatira. Iye adauza manijala mongodutsa, manijala sadazitenge ngati nkhani, ndipo a pampando sadamve konse. Mnyamatayo akuti adaopa kuimbira a pampando mwachindunji kuopa kuoneka wamwano. Ogula atatu kufuna soya sabata imodzi chinali chizindikiro choti mtengo ukukwera. Mwina tikadagulitsabe, koma osati woposa theka.

A Jere, ndakumvani, ndipo za ogulitsa kwa mavenda usiku n'zoona, m'buku zikuoneka. Koma mayi wa pachigayo uja adabweretsa zonse zimene adakolola. Zoti tidikire chisankho kuti tidzachotse munthu sizingathandize, chifukwa pofika chisankhocho makalabu awiri adzakhala atachoka kale. Pa za alawansi mwanena zoona. Ndilemba kuti komiti ya malonda ikhale ya anthu asanu, atatu mwa iwo amayi, ndipo izikambirana pa foni kapena pa WhatsApp, kopaletivi izingogula mayunitsi. Msonkhano wa mu March ulowa m'malo mwa uja tinkaitanitsa wogula akabwera, ndiye chiwerengero cha misonkhano sichikwera.

Asisi Nangozo, maganizo a magulu awiri a matumba ndawakonda kuposa onse, ndipo ndikuona kuti athetsa mkangano waukulu. Za miyala kuseri kwa chitenje ndikudziwa kuti abambo ena adzati n'zachibwana, koma ndikazipereka.

Pali chimodzi chimene chikundivutabe. Mtengo wotsikitsitsa tikaugwirizana mu March, zinthu zikhoza kusintha tisanagulitse. Tonse tikukumbuka November 2023 pamene kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti. Amene adagulitsa mbewu m'nyengo yokolola n'kusunga ndalama kuti adzagule feteleza wa chimanga adapeza kuti ndalamazo sizikukwanira. Mu May 2022 idagwanso ndi 25 peresenti, nthawi yeniyeni yogulitsa soya. Zoterezi zikachitika, mtengo umene tidagwirizana mu March umakhala wopanda tanthauzo, koma komiti idzakhala ndi pepala loiloleza kugulitsa. Kodi pamenepa ndilembe bwanji?

Mbewe wa ku Area 25

Lembani kuti chilolezo cha komiti chili ndi malire a nthawi, mwachitsanzo masiku 30, ndipo akatha chiyenera kutsimikizidwanso ndi apampando a makalabu 11 aja, aliyense atafunsa kalabu yake. Anthu 11 mukhoza kuwapeza tsiku limodzi. Onjezaninso kuti kwacha ikagwetsedwa, kapena boma likasintha mtengo woyambira kapena malamulo otumiza soya kunja, chilolezocho chaima pomwepo mpaka apampando a makalabu akumane. Ndipo apampando a makalabu anayi akalemba kalata yopempha, komiti iime kaye kugulitsa kwa masiku atatu.

Kalaliki uja mumuike m'malamulo ndi udindo wake: azikhala pa zokambirana za komiti ya malonda popanda voti, ndipo azikhala woyamba kulankhula, kupereka lipoti la matumba amene alipo ndi ogula onse amene aimba. Mugulireni kope loti azilembamo foni iliyonse ya wogula, ndipo komiti yoyang'anira iziliona kopelo mwezi ndi mwezi.

Musanapite ku msonkhano wa pachaka, pitani ndi a pampando ku makalabu awiri aja, mutenge sitetimenti ya kubanki ndi kalata ya mgwirizano ndi wogula, muwawerengere mzere ndi mzere. A pampando akapepese okha ndi pakamwa pawo chifukwa chosatsata lamulo. Zosintha zanuzo mukaziwerenge kumeneko poyamba, iwo athirirepo ndemanga zisanafike kwa ena onse.